Makiyi awiri a ana anga

Moni nonse abale ndi alongo, m'dzina la Ambuye wathu. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Ndine make Takondwa wa ku Chinsapo, ndimagulitsa kaunjika wa ana. Ndikayamba kuthamanga poyankhula mundipirire, ndi mmene ndilili.

Zinayamba ndi funso la Anti Chisomo, aphunzitsi a kusukulu ya mkaka. Ndinapita masana kukatenga Takondwa ndi mng'ono wake Mphatso. Anti anandiyang'ana modabwa.

"Mwabwera nokha? Si mwalemba kuti lero adzawatenga amalume awo?"

"Ndalemba ine?"

Anandionetsa foni yawo. Dzina langa. Chithunzi changa. Ngakhale kalembedwe kanga kolakwitsalakwitsa ka Sitandade sikisi, munthuyo anatengera. Koma ana anga alibe amalume mu Lilongwe muno, abale. Achimwene anga onse ali ku Thyolo.

Ndinabereka Mphatso, Takondwa ndinamugwira dzanja mpaka anati, "Amama, mukundipweteka." Njira yonse ndikungocheuka. Wakabaza aliyense wodutsa, ine kumuyang'ana nkhope.

Ndinadziwa amene analemba. Bambo a anawa tinasiyana, ndipo sitinasiyane bwino. Ankhoswe anagamula kuti ana azikhala ndi ine. Bambowo potuluka anati, "Ana anga ndidzawatenga iwe usakuona." Foni anandigulira ndi iwo. Akaunti yochezera ndi anthu pa intaneti ananditsegulira ndi iwo. Pasiwedi anasankha ndi iwo, dzina la Takondwa, ine osasintha. Ndinangosintha loko wa chitseko, basi n'kumati ndatha. Sindinkadziwa kuti munthu ali kwawoko ku Area 25 akhoza kumalemba mauthenga m'dzina la munthu ali ku Chinsapo.

Ana anasiya kupita kusukulu. Ine ndinasiya kupita kumsika. Tinadzitsekera. Foni ndinaikulunga m'chitenje n'kuikankhira pansi pa bedi, ngati ili ndi maso. Kupemphera ndinkapemphera, abale, koma diso limodzi lili pawindo.

Nditajomba ku mapemphero a amayi, anabwera Mayi Nyirenda. Awo akhala kutsogolowo. Amagwira ntchito ya makompyuta ku City Centre. Ndinawafotokozera ndikulira. Anayamba apemphera nane, kenako anati, "Mwanangu, tulutsa foniyo. Siiluma."

Tinasintha pasiwedi. Anapeza kuti foni ya munthu wina inali italowa mu akaunti yanga, n'kuichotsamo. Ndiye anati, "Pasiwedi ndi kiyi mmodzi. Pakufunika wachiwiri. Munthu akafuna kulowa, pazibwera nambala pa SMS, aiyike kaye."

"Izibwera pa simu inoyi?"

"Eya."

"Amama, simuyi analembetsa bambo a anawa ndi chiphaso chawo. Changa nthawi ija chinali chisanatuluke."

Mayi Nyirenda anaika kapu ya tiyi pansi. "Wachita bwino kunena. Akhoza kukanena kuti simu yatayika, n'kupatsidwa ina, nambala zako zonse zizipita kwa iwo. Za SMS tizisiye."

Anandiuza kuti pali timapulogalamu ta m'foni, tija amati apu, timene timapanga tokha nambala ija. Imasintha pakanthawi kochepa, ndipo imatuluka ngakhale ulibe bandulo. Tilipo tambiri. Anati ndisankhe ndekha.

Koyamba kanafuna nambala yanga ya foni. Ndinakana. Nambala yomweyo ya bambo aja? Kena kanafuna kaone zithunzi zanga ndi maina a anthu onse a m'foni, pamwamba pake malonda ali mbwee. Ndinati, "Zithunzi za ana anga kazitani?"

Mayi Nyirenda anaseka. "Iwe ndiwe wovuta kuposa abwana anga."

"Andipusitsa kokwana, amama."

Ndiye anandionetsa kena, kosakongola n'komwe. Sikanafunse dzina, sikanafunse nambala. Kanangopempha kamera kuti kajambule kachizindikiro kamene akaunti inaonetsa pa kompyuta imene Mayi Nyirenda anabwera nayo. Anati, "Amene anakapanga sanabise kapangidwe kake. Kali poyera. Aliyense wodziwa za makompyuta akhoza kusuzumira mkati, akapeza chinyengo n'kuuza anzake."

Ndinati, "Ngati belo lomasula anthu akuona?"

"Basi, chomwecho."

Abale, ine wa kaunjika ndimadziwa. Belo limene mwini wake amakamasulira kuseri, zabwino zimatha usanazione. Ndinasankha komweko. Anandionetsanso chochita foni itabedwa, ndipo anandibwerezetsa mpaka ndinatha kutsegula ndekha.

Mawa lake foni inalira, uthenga woti wina wayesa kulowa mu akaunti yanga walephera. Ndinali ndikuchapa. Ndinakhala pansi, thovu lili m'manja, ndinati, "Zikomo Yesu." Tinakanenanso kupolisi ndi kwa ankhoswe. Simu ndinagula ina, ndi chiphaso changachanga.

Lero ndili bwino. Kumsika ndinabwerera. Ana akunenepa, Takondwa akutha kulemba dzina lake. Kucheuka ndimacheukabe, sindinama, koma tulo ndikugona. Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira Mayi Nyirenda, ndikuthokozanso amayi nonse amene munandipempherera.

Tsiku limene ana anayambiranso sukulu, ndinakhala pansi ndi Anti Chisomo. Ndinati, "Anti, foni yanga ili ndi makiyi awiri. Ana anga sangachepere foni. Uthenga wokha musamaumvere, ngakhale utabwera ndi chithunzi changa. Mundiimbire, mumve mawu anga. Ndikapanda kuyankha, ana akhale pompano mpaka ndifike."

Anti anati, "Nanga kukada?"

Ndinati, "Kude. Ndidzawapeza ali ndi inu."

Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.