Zilazi za Aphunzitsi Boakye

Pa siteji ya Kejetia, minibasi inali isanadzaze. Bambo wina wachinyamata anaona kuti mayi amene anayandikana nawo avala nsalu yofanana ndi malaya ake.

"Mayi, nanunso ulendowu ndi wa kuphwando lotsanzikana ndi aphunzitsi Boakye?"

"Komweko, mwanangu."

"Munthu ameneyo anandipulumutsa. Masamu akukoleji atandikanika, ndinali nditalongedza kale katundu. Tsiku lomwelo analowa m'kalasi atanyamula chilazi ndi mpeni. Kudula mowongoka, chibanthu chozungulira. Kudula mopendeketsa, chonga dzira. Mutu wanga unatseguka pomwepo. Lero nanenso ndikuphunzitsa masamu."

"Nanga zilazizo zinkathera kuti?"

"Tinkaotcha n'kudyera mafuta ofiira!"

"Ohoo, ndiye ndinu! Zaka zonsezi ine ndakhala ndikunamizira mbuzi za aneba."

"Kodi ndinu mayi akunyumba kwawo? Pepani, mayi!"

"Musapepese. Nkhawa yanga ndi ya mawa. Munthu uja popanda kalasi adwala. Muzibwera, azikuphunzitsani pakhonde. Koma chilazi, mwanangu, muzibwera ndi chanu."