Ulusi wa m'Botolo la Mankhwala

Zaka zija ndisanamere imvi, atate anu akadali wa kumsana, ine ndinkagwira ntchito pa fakitale ya mabotolo, uko kunjanji, kumpoto kwa Lusaka. Iwe Misozi, usaleke kutsuka, umva ndi makutu, osati ndi manja. Ndikamakuumirizani kuyang'ana botolo lililonse padzuwa musanathiremo uchi wokagulitsa pa msika wa pa boma, mumati agogo ndi ovuta. Eee, ndine wovuta, ndipo lero mumva kumene ndinakutenga kuvutako.

Inu a masiku ano mudziwa pulasitiki basi, kumwa n'kutaya m'ngalande, koma botolo lagalasi limachokera kutali. Limayamba ndi mchenga woyera, ndipo amausakaniza ndi soda, laimu ndi magalasi osweka, n'kuthira zonse m'ng'anjo yaikulu kuposa nyumba ino, yosazima ngakhale pa Khirisimasi. Zikasungunuka zimatsika ngati phala lofiira, lumo lachitsulo n'kumadula, chidutswa chilichonse n'kugwera m'chikombole chake. Kenaka makina amapopera mpweya mkati, galasi n'kufufuma mpaka kudzaza chikombole, botolo lija latheka. Koma silinathe, Dalitso, usagwedeze mutu. Liyenera kudutsa mu uvuni wautali kuti lizizire pang'onopang'ono, chifukwa likazizira mothamanga limadzaphulika lokha. Kumapeto kwa uvuniwo n'kumene kunali ife akazi osankha, mabotolo akuyenda pa lamba, nyale itayaka kumbuyo kwake, maso athu ali tcheru kufuna ming'alu.

Ine ndinalowa ntchitoyo agogo anu aamuna atangomwalira. Anandipatsa miyezi itatu yondiyesa, ndipo ndinali ndi ana awiri, wachibale pafupi ndinalibe.

Tsiku lina tinkasankha timabotolo ta bulauni, tothiramo mankhwala a chifuwa a ana. Titachoka ku chakudya cha masana, ndinaona kanthu kakung'anima mkati mwa botolo limodzi. Nditalikweza panyale, ndinapeza ulusi wagalasi, wopyapyala ngati wa kangaude, utachoka khoma ili kukagwira khoma linalo. Zimachitika galasi likadali lofewa, mbali ziwiri zikakhudzana n'kulekananso. Pansi pa botolo lililonse pamakhala nambala ya chikombole chimene chinaliumba, ndipo ili linali seveni. Posakhalitsa ndinagwira lina la ulusi, nalonso seveni. Galasi la bulauni limabisa, nanga kuyambira m'mawa adutsa angati osaoneka?

Ndinathamangira kwa kapitawo wathu, a Mwape. Iwo anayang'ana n'kuti, "Chotsani chabe yamene mwaona, mayo. Lole yadzala kudala, dalaivala afuna kunyamuka."

Ndinati, "Bwana, makatoni onse a m'mawa atsike, atsegulidwe."

"Imwe ba Phiri, mukali kuyesedwa. Muziba ni bangati bali pa geti bafuna malo yanu?"

Ndisakunamizeni, ndinachita mantha. Koma ndinaona m'maso mwanga mayi wina akugwedeza botolo lija monga amatiuzira kuchipatala, ulusi n'kuthetheka, iye n'kuthira pasupuni, mwana n'kumeza. Ndinamanga chitenje cholimba, atate anu ndinali nditawasiya kwa mnansi, ndipo ndinatuluka n'kukakhala pansi pafumbi kutsogolo kwa lole. Dalaivala anaimba hutala mpaka kutopa. Anzanga ankandikuwira pakhomo kuti, "Nyamuka iwe, ana ako adya chiyani?" Ine osasuntha.

Phokosolo linatulutsa mkulu wa fakitale, bambo wa tayi amene anali asanandilankhulepo. Atamva mbali zonse anati, "Tsitsani katoni imodzi. Mukapeza kanthu titsitsa zonse, koma mukapanda kupeza, mutenge chikwama chanu lero lomwe."

Ndinatsegula katoni, ndikutembenuza botolo limodzilimodzi, ndipo a seveni ndinapeza asanu. Ndinawakweza padzuwa onse asanu, ulusi osaoneka. A Mwape anayamba kuseka, nawo onyamula katundu anaseka. Apo m'pamene ndinakumbukira mmene anyamata aja amaponyera makatoni pokweza. Ulusi wotere ungapirire kuponyedwa? Ndinapempha madzi, ndinavula duku langa loyera pamaso pa amuna onsewo, manyazi nditaika pambali, ndipo ndinaliyala pakatoni. Ndinathira madzi m'botolo loyamba, kukhutchumula, kukhuthulira paduku: palibe. Lachiwiri palibe. Lachitatu, madzi atalowa m'nsalu, panatsala tinthu tonyezimira ngati shuga. Ndinatsinikiza ndi chala chachikulu, magazi n'kutuluka, ndipo chalacho ndinachiimika pamphuno pa bwana wa tayi uja. Kuseka kunathera pomwepo.

Lole inatsitsidwa yonse, chikombole chija anachichotsa kukachikonza, ndipo tinasankha masiku atatu mpaka misana kuuma. A seveni onse anabwerera kung'anjo. Mukuganiza kuti anandiombera m'manja? Ayi ndithu. Miyezi itatu itakwana, a Mwape anandipatsira okha kalata yondichotsa ntchito, yoti ndine wamwano, wosamvera akuluakulu. Ndinalira, ana inu, ndinalira m'basi ulendo wonse mpaka ku Lusaka, chifukwa ntchito ija ndinkaikonda. Ndinabwera kuno kwa alongo anga pafupi ndi Palabana, mwana kumsana, wina padzanja, n'kuyamba kugwira khasu. Masiku ano ndimva kuti kuli makina oona mkati mwa botolo, koma nthawi ija makinawo anali maso a mkazi wamasiye.

Chaka chomwecho, nyengo yozizira, atate anu anadwala chifuwa choopsa, chomalira m'nthiti. Ku kiliniki anandipatsa mankhwala m'kabotolo ka bulauni. Ndili panjira ndinakatembenuza, chizolowezi cha ntchito, ndipo pansi pake panali seveni. Ndinaima pakati pa msewu, njinga zikundilambalala. Sindinganene kuti kanaumbidwa liti, koma chimodzi ndinkachidziwa bwinobwino: tsiku lija palibe botolo la ulusi limene linatuluka pageti, chifukwa pagetipo panali ine.

Choncho adzukulu anga, chimene mukutsekera m'botolo simudziwa pakamwa pamene chidzalowe. Chitsekeni ngati wodzamwa ndi wanu. Ine nditafika kunyumba ndinagwedeza mankhwala aja mwamphamvu, ndinadzaza supuni, ndipo ndinamwetsa mwana wanga.