Ndinabweza Ankhoswe Pakhomo

Atsibweni a mkazi wanga anafika Lamulungu m'mawa, ine ndikumanga zingwe za nsapato. Anali atapalasa njinga kuchokera cha ku Tamanda. Ndiwo anali ankhoswe akuchikazi. Sindinawapatse mpando.

"Akamwini, mwana wathu akudandaula. Tikhale pansi."

Ndinati, "Ukwati wanga ndi wa paguwa. Nkhoswe wake ndi Mulungu. Ndikuchedwa ku Misa."

Ndinawasiya ali chiimire.

Abale ndi alongo, moni. Sindine wodziwa kuyankhula. Ndingonena mmene zinalili.

Mowa sindinkamwa. Mkazi sindinamumenyepo. Ndinali wapampando wa mphakati, kagulu ka akhristu a m'mudzi mwathu. Maliro, ine. Msonkhano ku parishi, ine. Odwala, ine. Thonje ankapalira yekha mkazi wanga, amake Tereza. Ankapopera mankhwala yekha, chigubu kumsana, ali ndi pakati. Anapita padera ine ndili ku Chipata kumsonkhano wa masiku atatu. Nditabwera ndinangoti, "Ndi kufuna kwa Mulungu." Mawu anga anathera pomwepo.

Tsiku lina anati, "Atate ake Tereza, mudzi wonse mumaupempherera. Ine munandifunsapo kuti ndadzuka bwanji?"

Ndinati, "Ungapite kuti? Ukakwatiwa kwina, Ukaristia sudzalandiranso."

Ndinanena zimenezo, abale anga. Ndinatenga chinthu choyera n'kuchisandutsa chingwe chomangira mbuzi.

Anadikira tikolole chimanga. Anachiika bwinobwino m'nkhokwe, anatenga mwana, n'kupita kwao. Ine ndinati abwera. Mvula inagwa, ndinati abwera. Kalata yakukhoti inafika, ndinatibe abwera. Kukhoti sanafunse za guwa. Anafunsa ngati ankhoswe anakhalapo pansi. Atsibweni aja anati, "Anatibweza pakhomo." Ukwati unatha tsiku lomwelo.

Anthu amati ife opemphera sitilekanalekana. Mwina n'zoona. Koma ena amakhala chifukwa chokondana, ena chifukwa cha mantha. Wanga mantha anamuthera.

Upampando ndinatula. Munda unandikanika. Ndinabwera m'tauni ya Chipata, kuno ku Nabvutika, n'kuyamba kukankha wilibala kumsika. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo. Ndinapita kukalapa, ndinauza bambo mfumu kuti mkazi anandithawa. Iwo anati, "Limenelo si tchimo lanu. Nenani lanu." Ndinakhala chogwada nthawi yaitali. Kenaka ndinalinena.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha funso limenelo. Lero ndimadya thukuta langa. Tereza amabwera patchuthi, ndipo m'mawa ndimamufunsa mmene wadzukira. Abambo anzanga, ankhoswe akafika apatseni mpando. Misa ilipo ina.

Koma kuti zonse zinakonzeka, ayi.

Chaka chatha ndinagula nkhuku yopepesera. Ndinatenga achimwene anga, ankhoswe akuchimuna, tinakwera minibasi mpaka kwao kwa amake Tereza. Tinamupeza akusenda nsawa pamphasa, khanda kumsana. Kumbuyo kwa nyumba mwamuna wina ankawaza nkhuni.

Anatiyalira mphasa. Anagwada, anatipatsa moni. Anayang'ana nkhukuyo.

"Atate ake Tereza, ikanabwera chaka chija ndikanaiphika ndekha."

Achimwene anayamba kukonza kukhosi kuti ayankhule. Ndinawagwira mkono. Ndinaika nkhuku pansi, miyendo ili chimangire, ndinadzuka, ndinalowera kumsewu.