Chuku cha Mkamwini

Chaka chimene zipani zinachuluka, Gideoni anabwera kuchikamwini kufupi ndi Madisi ali ndi mabeseni ndi nzeru za kukoleji. Apongozi ake, a Faines, ankamulankhula atamufulatira monga mwa mwambo, iye atanjuta kuseri kwa nkhokwe.

"Akamwini, madeya a nkhumba yanga apita kuti?"

"Ali m'mabeseni, Mai. Ndikuwetera chuku."

"Chuku? Chomera pa chakudya chovunda chija?"

"Chomwecho, chakuda chija. Chikadya madeya onyowa chimatulutsa asidi wowawasa ngati wa m'mandimu. Opanga zakumwa amamufuna."

A Faines anayang'ana mtengo wa mandimu umene zipatso zake zinkawolera pansi.

"Mwachita bwino. Mandimu ndi osowa kwambiri pakhomo pano."

"Si osowa, Mai. Muli pansi pa mtengo wake."

Munthu ameneyu mwano sunkamulowa, moti ankakwiyitsa kuposa wamwano.

"Nanga bwanji osachithirira shuga, chiwetocho?"

"Chimamukonda zedi, koma wakwera mtengo. N'chifukwa chake ndikuyesa madeya ndi makoko a chinangwa."

"Tichifululire tiyi?"

"Tiyi sindinayesepo."

Nkhumba inalira m'khola, nthiti zili pamtunda.

"Mwaimva? Yavota. Ikuti muchoke."

"Nkhumba sivota, Mai."

"Ufulu wabwerawu! Akamwini a anzanga akukusa fodya, wanga akulera zovunda. Mwana wanga Manesi adye asidi?"

"Pang'ono pokha, wambiri amalaza mano."

A Faines anatsala pang'ono kutembenuka, koma anakumbukira mwambo, nazazira mtengo wa mandimu uja m'malo mwake.

"Basi, ukwati watha. Nyamukani, muzipita kwanu ku Ntchisi."

Gideoni ankamukonda mkazi wake Manesi, ndipo mawuwo anamupweteka. Anaomba m'manja mwaulemu.

"Ndamva, Mai. Nditenga bulangete langa lokha."

"Ndi zonunkha zanuzo."

"Sindingathe. Mkamwini akachotsedwa, zonse zimene waweta zimatsala pakhomo. Ndi zanu tsopano. Muziziika pofunda, makamaka kuchipinda kwanu. Madeya atsopano Loweruka lililonse. Zikayamba kununkha kwambiri musadandaule, ndiye kuti zasangalala."

"Ndikazitaya kudzala."

"Kumeneko n'kumene zimaswana bwino."

A Faines anasuzumira m'beseni limodzi, nabweza mutu msanga atagwira mphuno.

"Manesi! Landa bulangete la amuna akowa. Pano sachoka mpaka ziweto zawo zitafa."