Ndinazimitsa Kompyuta ya Abwana pa Khoma

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine amake Chisomo wa ku komboni ya George. Ndinatsala pang'ono kutaya ntchito chifukwa cha chala changa chimodzi.

Ndimagwira pa kashopu kosindikiza mapepala ka ba Phiri, pafupi ndi pokwerera maminibasi. Sukulu ndinalekera giredi seveni. Ntchito yanga ndi kusesa, kufotokopa, ndi kupulinta zimene anthu abweretsa pa fulashi, monga anandiphunzitsira. Amuna anga amadalira maganyu kumafakitale a ku Heavy Industrial Area, lero alipo mawa kulibe, ndiye phala la Chisomo, amene ali ndi miyezi isanu ndi inayi, limachokera pa kashopu kameneka.

Lachiwiri madzulo ba Phiri analandira uthenga wa maliro. Anadina-dina pa kompyuta mothamanga, nati, “Utseke bwino, nizabwera Lachisanu.” Atapita ndinaona timadontho tikuzungulira pa sikirini, ndi mawu a Chingerezi ang'onoang'ono amene sindinawasamale. Kwathu sitisiya kanthu koyaka. Timazimitsa zonse pa khoma, kuopa mayunitsi a magetsi kutha, kuopanso malaiti akabwera ndi mphamvu, poti anawotchapo wailesi ya aneba. Ndiye ndinazimitsa pa soketi, ndikudziona ngati wantchito wosamala.

M'mawa ndinayatsa. Timadontho tija tinazungulira, nambala inakwera kufika 30, kenako sikirini bii, n'kuyambiranso. Kufika 30, n'kuyambiranso. Ndinati mwina yatopa, ndinazimitsanso pa khoma kuti ipume. Sizinathandize. Anthu ankabwera ndi mafulashi awo, ine n'kumawabweza ndi bodza lakuti inki yatha. M'kompyutamo munali ntchito zonse za ba Phiri, za masukulu, za matchalitchi, za zaka zambiri. Foni ikalira ndinkalumpha, kuganiza kuti ndi iwo. Chisomo ankalira kumsana, ine mkaka ngati wauma ndi mantha.

Lachinayi ndinatseka chitseko theka, ndinagwada kuseri kwa makina ofotokopera. Pemphero lokongola ndinalibe. Ndinangoti, Ambuye, ndine ndalakwa, koma mwanayu sanalakwe.

Ndikudzuka ndinapeza ba Mwila ataima pakhomo. Ndi amayi achikulire amene amaotcha chinangwa ndi mtedza panja pa shopu, ndipo sitinalankhulanepo zoposa moni.

“Iwe mwana, wadwala? Masiku yabili ubweza makasitomala, na ine bangonipitilila.”

Ndinawauza zonse, ngakhale za pa khoma. Anaseka mpaka kutsokomola. “Wainyamula pamoto ikalibe kupsa! Inali kuika apudeti, vinthu vatsopano vamukati. Ukaijuba, kuidula pakati, isokonezeka.”

Kodi ndinkadziwa kuti amayi amenewa anatayipa zaka zambiri mu ofesi ya fakitale ina isanatsekedwe? Anapukuta makala m'manja ndi chitenje, anakhala pa mpando wa abwana. Anazula waya wa pulinta, anazulanso fulashi ya kasitomala imene ndinaiwala kumbuyo, nati zinthu zotere nthawi zina zimaitsekereza. Anaizimitsa pa batani lake, osati pa khoma, n'kuiyatsa, kangapo, mpaka panatuluka sikirini ya buluu. Pamenepo anasankha kuti ichotse apudeti ija inalowa theka.

“Manje nkhala pa manja yako. Usagwire kalikonse.”

Abale, kudikira kumeneko! Inali itadutsa 12 koloko, ndipo sabata imeneyo malaiti ankapita cha m'ma 2 koloko. Maso anga ankachoka pa sikirini kupita pa babu, kuchoka pa babu kupita pa sikirini. Firiji ya m'shopu yoyandikana ikasiya kulira, ine mtima phaa. Ndinkayamwitsa Chisomo ndikunong'ona dzina la Yesu. Ba Mwila anatuluka kukatembenuza chinangwa chawo, nabwerera, natulukanso.

Kenako chithunzi cha ana a ba Phiri chinaoneka pa sikirini, mafayilo onse ali m'malo mwake. Ndinalira mokweza mpaka Chisomo anadzidzimuka. Malaiti anapita patangodutsa mphindi zochepa, titaizimitsa kale mwa njira yake. Apudeti ija tinaiyambitsanso m'mawa wa Lachisanu malaiti atabwera, ndipo inadutsa 30 ine nditagwira mkono wa ba Mwila, mpaka inamaliza.

Ndinkafuna kubisa, poti zonse zinali bwino. Koma Mulungu amene wandipulumutsa sindingamuthokoze ndi bodza. Ba Phiri atafika ndinawauza, mawu akutuluka modukaduka. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anatsegula dirowa, anatenga selotepi, namata pa switchi ya soketi ija.

“Mawa ubwele na seveni monga masiku yonse,” anatero.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokozanso ba Mwila. Inu amene mwagwada kuseri kwa chitseko lero, musaleke kupemphera. Thandizo langa linakhala panja pa shopu miyezi yonseyi, likukupiza mbaula.