Dzina la a Kuramochi Pamwala

M'chaka cha 1921, a Kuramochi, ofulula msuzi wa soya mumzinda wa Kanazawa, anamangira yunivesite ina nyumba ya mabuku. Tsiku losema mwala wapakhomo litakwana, anapita kwa mlembi wa sukuluyo, a Shibukawa, atakonzeka kukana ulemu kawiri monga munthu woleredwa bwino, kuti kachitatu avomere ngati wokakamizidwa.

"Takulandirani, bwana," anatero mlembi akuviika burashi mu inki. "Mmisiri ali panjapo. Tiseme dzina lanu pamwala?"

A Kuramochi anawerama. "Aaa, iyayi. Ine ndine yani? Musavutike."

"Chabwino." Burashi inayenda papepala. "Dzina akana."

Mkuluyo anadikira funso lachiwiri. Mlembi ankangouzira inki kuti iume.

"Eee... mwatha?"

"Ndatha, bwana. Inu simuvuta."

Dzina la a Nomura, ofulula mowa wa mpunga, linali pachipata cha yunivesite, zilembo zake ngati mitu ya ng'ombe. Kwa zaka zisanu a Kuramochi ankadutsapo atayang'ana kumbali.

"Mwachita bwino," anatero, akuponya nyambo ina. "Kanyumbako n'kachabechabe. Sikoyenera dzina la munthu."

Mlembi anadzidzimuka. "Kachabechabe? Denga likudontha?"

"Lidonthe bwanji? Matailosi ndinasankha ndekha!"

"Ndiye ndi maziko." Anatsegula buku lalikulu. "Lamulo likuti nyumba yokayikitsa ophunzira asalowemo. Nditseka lero lomwe."

"Mutseka chiyani, inu? Mizati yake anthu awiri sangaikumbatire!"

"Koma mwini wake wanena."

"Ndanena mwaulemu!"

"Zoona, bwana. Ndilembanso zimenezo: ananena mwaulemu."

A Kuramochi anatulutsa chokupizira mphepo, ngakhale kunja kunkagwa chipale chofewa.

"A Shibukawa, kwanu mlendo akakana tiyi mumatani?"

"Timachotsa kapu."

"Osamufunsanso?"

"Kumuvutitsa munthu woti wayankha kale?"

"Nanga alendo anu amamwa chiyani?"

"Sabwerabwera, bwana. Mkazi wanga amadabwanso."

Panja nyundo inayamba kulira: gho, gho, gho. Mmisiri anali atayamba kusema chaka.

"Muuzeni aime kaye!"

"Aimirenji? Kapena mukulifuna dzinalo? Ingonenani, bwana."

"Ine? Kupempha ulemu ndi pakamwa panga? Bambo anga angadzuke m'manda!"

"Ndiye simukulifuna."

"Sindinatero!"

"Ndiye mukulifuna."

"Sindingatero!"

Mlembi anayang'ana pepala lake mwachisoni. "Pano pali malo awiri okha, bwana. Inde ndi ayi."

Gho, gho, gho.

A Kuramochi anasendera pafupi, nanong'ona ngati akuulula chinsinsi cha msuzi wawo.

"Tamverani, mwana wanga. Munthu waulemu sanena za mumtima. Pakamwa akati ayi, mumtima muli inde. Akati kanthu n'kachabechabe, ndiye kuti n'kamtengo wapatali. Mwamva?"

Maso a mlembi anatuzuka. Burashi inagwa.

"Ooo! Ndiye kuti zonse zimene mumanena ndizizitembenuza?"

"Ehee! Mutu wayamba kugwira."

"Mayo ine! Ndiye alendo aja ankafuna tiyi?"

"Ankafa ndi ludzu!"

"Ndipo nyumbayo ndi yabwino!" Mlembi anang'amba pepala limene analembapo zotseka nyumbayo mokondwa. "Bwana, mwandiphunzitsa zimene aphunzitsi onse a pano sanandiuze. Ndiyenera kulembera apongozi anga kalata yopepesa."

"Mudzalemba mawa! Mwala!"

"Ndi amalume anga, amene anakana nsomba chaka chatha..."

Nyundo inaleka. A Kuramochi anasuzumira pawindo: chaka chinali chitasemedwa kale, ndipo mmisiri ankayeza malo otsala. Ulemu wa zaka makumi asanu ndi limodzi unaduka ngati chingwe chovunda. Anamenya tebulo, inki n'kudumpha.

"Lembani dzina langa! Kuramochi! Zilembo zikuluzikulu, zoposa za Nomura, zoti munthu aziziwerenga ali pamlatho! Ndikulifuna! Ndikulifunitsitsa!"

Mlembi anaimirira pang'onopang'ono, misozi ili m'maso. Anawerama mpaka chipumi chinagunda tebulo.

"Kudzichepetsa kotere sindinakuonepo. Tsopano ndakumvetsani, bwana."

Anatsegula windo.

"Amisiri! Bwana akanitsitsa! Ngakhale kachilembo kamodzi, musayerekeze!"