Njira Yachidule ya ku Mlambe

Pasiteji ya Khombedza, mayi wogulitsa mpunga ankatola timiyala m'lichero pang'onopang'ono. Mnyamata wovala sikipa ya chipani chatsopano ankangozungulirazungulira pambali pake, maso ali kumsewu, njinga yake yamatayala onenepa itatsamira mtengo.

"Mayi, sanafike pano azungu apanjinga?"

"Sindinawaone."

"Aa, achedwa! Dzuwa lakwera kale ili. Ndine ndimawatsogolera, mukudziwa. Amabwera atavala zisoti ngati akupita kunkhondo. Chitunda chimene ife timachita kukankha njinga, iwo amakwera akuseka."

"Sanyamula katundu?"

"Madzi basi! Ngakhale kathumba ka makala, ayi. Amangofuna thukuta ndi zakale. Lero ndikawaonetsa mlambe uja amati akapolo ankagonapo popita kunyanja. Amajambula, wina mpaka kulira."

"Mumadzera kuti?"

"Njira yachidule, m'kankhalango kuseri kwa tchalitchi. Muli timilu tadothi tokoma, njinga imachita kudumpha! Amakuwa, ati tibwerezenso. Zinthu zasintha, mayi. Masiku ano munthu amadutsa pomwe wafuna, palibe womufunsa khadi la chipani."

Mayi uja anaika lichero pansi.

"Achimwene, kwanu n'kuno?"

"Ayi, ku Lilongwe. Bwanji?"

"Timilu tanuto ndi manda a makanda. Kuno sitiwaikira mitanda. Kapafupi ndi njirako ndi ka Tamanda wanga, ndipo sabata yatha ndinakafufuta mizere ya matayala anu ndi manja angawa. Azungu anuwo akawalire akapolowo, sindikuletsa. Koma lero mudzere kumsewu."